Zotupa za m'ziwalo zopanga malovu: momwe madokotala amazidziwira ndi kuzichiza

Munthu akatupa kutsogolo kwa khutu kapena pansi pa nsagwada, anthu ambiri amathamangira kunena kuti ndi matsagwidi, mwanabere kapena vuto la dzino. Nthawi zambiri amakhala akunena zoona, ndipo chotupacho chimaphwa chokha pakangotha masiku owerengeka.

Koma pali zotupa zina zomwe siziphwa. Zimayamba zazing'ono ngati njere ya mtedza, sizipweteka, sizitenthetsa thupi, ndipo zimakula pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka mpaka mwini wake amazolowera kukhala nazo. Zina mwa zotupa zotere zimachokera m'ziwalo zomwe zimapanga malovu.

Zotupa zambiri za mtunduwu si khansa ndipo zimatha ndi opaleshoni imodzi yokha. Vuto n'lakuti palibe munthu, ngakhale dokotala amene, yemwe angatsimikize kuti chotupa si khansa pongochiyang'ana kapena kuchigwira. Chimayenera kuunikidwa kaye bwinobwino chisadadulidwe.

M'chaka cha 2009 anthu awiri otchuka a ku America adapezeka ndi zotupa m'chiwalo cha malovu cha kutsogolo kwa khutu. Katswiri wa masewero a basketball LeBron James adachitidwa opaleshoni m'mwezi wa June, chotupa chake chidapezeka kuti sichidali khansa, ndipo adabwerera m'bwalo la masewero. Woimba Adam Yauch wa gulu la Beastie Boys adalengeza m'mwezi wa July kuti chake chidali khansa, ndipo ngakhale adalandira chithandizo adamwalira m'mwezi wa May 2012 ali ndi zaka 47. Malo a chotupa adali amodzi koma matenda adali osiyana.

Ziwalo za malovu ndi ntchito yake

Munthu aliyense ali ndi ziwalo zikuluzikulu zopanga malovu zisanu ndi chimodzi, zitatu mbali iliyonse ya nkhope. Chachikulu koposa chili patsaya, kutsogolo ndi kumunsi kwa khutu, ndipo madokotala amachitcha parotid. Ichi ndi chomwe chimatupa mwana akadwala matsagwidi. Chachiwiri chili pansi pa nsagwada ndipo amachitcha submandibular, pomwe chachitatu, sublingual, chili pansi pa lilime.

Kuonjezera apo pali tiziwalo tina ting'onoting'ono mazanamazana tomwe tamwazikana m'kati mwa milomo, m'masaya, kumwamba kwa m'kamwa ndi kukhosi. Ziwalo zonsezi pamodzi zimatulutsa malovu okwana pakati pa theka la lita ndi lita imodzi ndi theka patsiku. Malovu amafewetsa chakudya, amayamba ntchito yogaya zakudya monga nsima, amateteza mano kuti asabowoke komanso amathandiza munthu kulankhula.

Chomwe chimachititsa kuti chiwalo cha parotid chikhale chofunika kusamala nacho kwambiri ndi mtsempha waukulu womwe umadutsa pakati pake. Uwu si mtsempha wa magazi koma wonyamula mauthenga ochokera ku ubongo. Ukatuluka m'chigaza pansi pa khutu umalowa m'chiwalocho n'kugawika nthambi zisanu zomwe zimapita pamphumi, kumaso, patsaya, kumilomo ndi m'khosi. Ndi mtsempha umenewu womwe umachititsa kuti munthu athe kukweza nsidze, kutsinzina, kumwetulira ndi kuimba mluzu. Ukaduka, mbali imodzi ya nkhope imagwa.

Kukula kwa vutoli

Khansa ya ziwalo za malovu ili m'gulu la khansa zosowa. Nthambi ya bungwe la World Health Organisation yoona za kafukufuku wa khansa, ya International Agency for Research on Cancer, idawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu oposa 53,000 padziko lonse adapezeka ndi khansayi ndipo oposa 22,000 adamwalira nayo. Chiwerengerochi n'chochepa poyerekeza ndi khansa ya m'mawere, yomwe chaka chomwecho idapezeka mwa amayi oposa 2 miliyoni.

Kusowa kwa matendawa ndi mbali imodzi ya vuto lake. Wogwira ntchito pachipatala chaching'ono amatha kukhala zaka asadaonepo wodwala wotere, choncho n'kosavuta kuganiza kuti ndi chithupsa kapena mwanabere, n'kupereka mankhwala opha tizilombo kangapo konse nthawi ikupita.

Madokotala ali ndi lamulo lomwe amalikumbukira mosavuta: chiwalo chikamachepa, mwayi woti chotupa chake ndi khansa umakula. Pafupifupi zotupa 70 kufikira 80 mwa 100 zilizonse zimayambira m'chiwalo cha parotid, ndipo mwa zimenezi pafupifupi zinayi mwa zisanu si khansa. M'chiwalo cha pansi pa nsagwada komanso m'tiziwalo ting'onoting'ono ta m'kamwa, pafupifupi theka la zotupa zimakhala khansa. Zotupa za pansi pa lilime zimaoneka mwa apo ndi apo, koma zambiri mwa izo zimakhala khansa.

Mitundu ya zotupa

Ndondomeko ya World Health Organisation yosiyanitsa zotupa za m'mutu ndi m'khosi, yomwe idaunikidwanso m'chaka cha 2022, ili ndi mitundu yoposa 30 ya zotupa za ziwalo za malovu. Mitunduyi imasiyana kwambiri pa kakulidwe, kafalikidwe ndi chithandizo chake.

Chotupa chomwe chimapezeka kawirikawiri ndi pleomorphic adenoma. Ichi si khansa. Chimakhala cholimba, chimasuntha mukachikankha ndi chala, sichipweteka, ndipo chimakonda kugwira anthu a zaka za pakati pa 30 ndi 60, amayi mochulukirapo kuposa abambo. Komabe madokotala amalangiza kuti chichotsedwe pa zifukwa ziwiri. Choyamba, sichisiya kukula, ndipo chikalekereredwa chimatha kufika polemera makilogalamu angapo. Chachiwiri, chikakhala zaka zambiri chimatha kusanduka khansa yoopsa. Mabuku a zachipatala amaika chiopsezochi pa zotupa ziwiri kapena zocheperapo mwa 100 m'zaka zisanu zoyambirira, koma pafupifupi khumi mwa 100 chotupa chikapyola zaka 15.

Chachiwiri mwa zotupa zomwe si khansa ndi chotupa cha Warthin, chomwe chidatenga dzina la dokotala wa ku America, Aldred Warthin, yemwe adachifotokoza mu 1929. Chimapezeka kwambiri mwa anthu achikulire osuta fodya, ndipo nthawi zina chimatuluka mbali zonse ziwiri za nkhope.

Mwa khansa, yomwe imapezeka kwambiri ndi mucoepidermoid carcinoma, ndipo ndi yomwenso imatsogola mwa ana ndi achinyamata. Ina imakhala yofatsa ndipo imathera pa opaleshoni, ina imakhala yaukali ndipo imafalikira msanga m'khosi.

Khansa ina ndi adenoid cystic carcinoma, yomwe khalidwe lake ndi lachilendo. Imakula mochedwa koma imayanga motsatira mitsempha ya mauthenga kutali ndi pomwe chotupa chikuonekera, n'chifukwa chake imadzetsa ululu ndi dzanzi. Imathanso kudzaonekera m'mapapo patatha zaka khumi kapena kuposera apo munthu atachitidwa opaleshoni.

Palinso acinic cell carcinoma, yomwe nthawi zambiri imakhala yofatsa, ndi salivary duct carcinoma, yomwe imagwira kwambiri abambo achikulire ndipo ndi imodzi mwa zaukali koposa. Mtundu wina, secretory carcinoma, udazindikiridwa posachedwapa m'chaka cha 2010 ndi gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Alena Skálová wa ku Czech Republic. Izi zisadachitike, odwala ambiri a khansayi ankauzidwa kuti ali ndi mtundu wina.

Chomwe chimayambitsa

Mwa odwala ambiri sipapezeka chifukwa chimodzi choloza chala. Chiopsezo chomwe chidatsimikizika bwino ndi cheza champhamvu cha radiation chikakhudza mutu ndi khosi. Izi zidaoneka mwa anthu omwe adapulumuka mabomba a atomiki a ku Hiroshima ndi Nagasaki m'dziko la Japan mu 1945, komanso mwa anthu omwe adalandirapo chithandizo cha radiotherapy m'mutu ali ana. Ukalamba nawo umakweza chiopsezo cha khansa, pomwe fodya amagwirizana kwambiri ndi chotupa cha Warthin.

Zotupazi sizipatsirana. Munthu sangazitenge pomwera chikho chimodzi, kudyera mbale imodzi kapena kugona m'nyumba imodzi ndi wodwala, ndipo kawirikawiri siziyenda m'magazi a kumtundu.

Zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala

Chizindikiro chachikulu ndi chotupa kutsogolo kapena kumunsi kwa khutu, patsaya, pansi pa nsagwada, pansi pa lilime, pamlomo kapena kumwamba kwa m'kamwa, chomwe chatha masabata awiri kapena atatu osaphwa. Kusapweteka si umboni woti zonse zili bwino, chifukwa khansa zambiri za mtunduwu zimayamba mopanda ululu.

Pali zizindikiro zina zomwe zimakweza nkhawa ya madokotala. Zina mwa izo ndi kufooka kwa mbali imodzi ya nkhope, monga diso kulephera kutseka kapena kamwa kupotokera mbali imodzi, dzanzi pankhope, ululu wosatha, ndi chotupa cholimba ngati mwala chomwe sichisuntha. Zinanso ndi chilonda pamwamba pa chotupa, kuvutika kutsegula pakamwa kapena kumeza, ndi anabere olimba m'khosi.

Chotupa chomwe chakhala chete zaka zambiri n'kuyamba kukula mwadzidzidzi chikufunika kuonedwa mwamsanga, chifukwa umu ndi momwe pleomorphic adenoma imaonekera ikasanduka khansa. Nkhope ikagwa mbali imodzi ambiri amaganiza za matenda ofa ziwalo, koma ngati pali chotupa pafupi ndi khutu la mbali yomweyo, dokotala ayenera kuuzidwa za chotupacho.

Matenda ena omwe amafanana ndi zotupazi

Ntchito yoyamba ya dokotala ndi kusiyanitsa zotupazi ndi matenda ena. Matsagwidi amabwera ndi kutentha thupi ndi ululu, amakonda ana, ndipo amatha pasadathe masabata awiri. Timiyala totseka njira ya malovu, tomwe timapezeka kwambiri m'chiwalo cha pansi pa nsagwada, timachititsa kuti munthu azitupa ndi kumva kuwawa nthawi ya chakudya kenako n'kuphwa. Tizilombo tikalowa m'chiwalo, pamalopo pamatentha, pamapweteka ndipo mafinya amatha kutulukira m'kamwa.

M'chigawo chino cha Africa pali matenda enanso ofunika kuwaganizira. Kachilombo ka HIV kamatha kutupitsa ziwalo za parotid mbali zonse ziwiri kapena kuyambitsa timatumba ta madzi m'kati mwake. Timatumbati si khansa, ndipo kawirikawiri timachepa munthu akayamba kumwa mankhwala otalikitsa moyo. N'chifukwa chake wodwala wotupa malo amenewa amalangizidwa kuyezetsa magazi.

Chifuwa chachikulu cha TB chimatupitsanso anabere a m'khosi. Mwa ana, chotupa cha nsagwada chomwe chikukula mofulumira m'masiku ochepa chimatha kukhala khansa ya Burkitt, yomwe imachizidwa ndi mankhwala osati mpeni. Khansa ya pakhungu la kumaso kapena m'mutu, yomwe imavutitsa kwambiri anthu achialubino, komanso khansa ya pamwamba pa diso, zimatha kufalikira ku anabere omwe ali m'kati mwa chiwalo cha parotid.

Momwe madokotala amaunikira

Kuunika kumayamba ndi mafunso: chotupa chidayamba liti, chikukula bwanji, chimasintha nthawi ya chakudya, wodwala amasuta fodya kapena adalandirapo radiotherapy. Kenako dokotala amagwira chotupacho kunja ndi m'kati mwa kamwa, amapapasa khosi, n'kupempha wodwala kuti akweze nsidze, atsinzine ndi kuonetsa mano pofuna kuona ngati nthambi zonse za mtsempha wa nkhope zikugwira ntchito.

Chotsatira ndi kujambula. Sikani ya ultrasound, yofanana ndi yomwe amaunikira amayi oyembekezera, imaonetsa ngati chotupa chili m'kati mwa chiwalo, ngati ndi cha madzi kapena cha mnofu, ndiponso momwe anabere alili. Chotupa chikakhala chachikulu, chakuya kapena chokaikitsa, pamafunika makina a MRI, omwe amaonetsa bwino minofu ndi mitsempha, kapena a CT, omwe amaonetsa bwino mafupa ndi mapapo.

Chithunzi pachokha sichitchula dzina la matenda. Pachifukwachi dokotala amalowetsa singano yopyapyala m'chotupa n'kukoka maselo ochepa, omwe amawapaka pagalasi kuti katswiri wa kulabotale akawaone pa makina okulitsa zinthu. Ntchitoyi imatenga mphindi zochepa ndipo wodwala amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Maselo akakhala osakwanira, amagwiritsa ntchito singano yokulirapo yomwe imatenga kamnofu kakang'ono motsogoleredwa ndi sikani.

Kuyambira m'chaka cha 2018 akatswiri a m'maiko ambiri amalemba zotsatira motsatira ndondomeko yotchedwa Milan System, yomwe imaika zomwe apeza m'magulu asanu ndi limodzi, kuyambira pa maselo osakwanira kunena kanthu kufikira pa khansa yotsimikizika. Cholinga chake n'chakuti dokotala wa opaleshoni adziwe kukula kwa chiopsezo asadagwire mpeni. Ngakhale zili choncho, yankho lomaliza limabwera chotupa chonse chikachotsedwa n'kuunikidwa.

Pali chinthu chimodzi chomwe akatswiri amaletsa kwambiri: kung'amba khungu n'kudula kachidutswa ka chotupa cha parotid, kapena kuchiboola ngati chithupsa. Kuchita zimenezi kumatha kudula nthambi ya mtsempha wa nkhope komanso kumwaza maselo a chotupa m'bala, pomwe amadzamera m'malo ambiri patapita zaka. Chenjezo lomweli likukhudza mchitidwe wotemera mphini pachotupa, kuchiwotcha kapena kuchipaka mankhwala onyeketsa khungu. Madzi akatayika saoleka.

Zotupa za m'kamwa ndi zosiyana, chifukwa kumeneko dokotala amatha kudula kachidutswa bwinobwino kuti kakaunikidwe.

Ikapezeka kuti ndi khansa, madokotala amayeza pomwe yafika. Amaona ngati chotupa sichidapyole masentimita awiri, ngati chili pakati pa awiri ndi anayi, kapena ngati chapyola anayi. Amaonanso ngati chagwira khungu, fupa la nsagwada kapena mtsempha wa nkhope, ndiponso ngati chafika kwa anabere a m'khosi kapena kumapapo. Ziwerengero za ku America zimaonetsa kuti mwa odwala omwe khansa yawo yapezeka isadatuluke m'chiwalo, oposa 90 mwa 100 amapyola zaka zisanu ali moyo, pomwe mwa omwe yafalikira kutali sakwana theka.

Opaleshoni

Chithandizo chachikulu cha zotupa zambiri za ziwalo za malovu ndi opaleshoni, ndipo opaleshoni yoyamba ndiyo imapereka mwayi waukulu wochira.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 madokotala ankangosenda chotupa cha pleomorphic adenoma ngati akuchotsa nthangala m'chipatso, poopa kuyandikira mtsempha wa nkhope. Zotsatira zake zidali zakuti mwa odwala 20 kufikira 45 mwa 100 chotupa chinkabwerera, chifukwa chikuto chake n'chopyapyala ndipo chili ndi timizu tosaoneka ndi maso. Cha m'ma 1940 ndi 1950 njira idasintha. Madokotala adayamba kufunafuna kaye mtsemphawo, kuutsatira nthambi ndi nthambi, kenako n'kuchotsa chotupa pamodzi ndi mnofu wabwino wozungulira. Ndi njira imeneyi, odwala omwe chotupa chimabwerera sakwana asanu mwa 100.

Wodwala amagonekedwa tulo ndi mankhwala. Dokotala amang'amba kutsogolo kwa khutu n'kutsikira m'khosi motsatira makwinya a khungu kuti chipsera chisadzaoneke kwambiri. Opaleshoniyi imatenga maola angapo. Chotupa chikakhala pamwamba pa mtsempha amachotsa mbali ya pamwamba yokha ya chiwalo, koma chikakhala chakuya kapena khansa yaukali amachotsa chiwalo chonse.

Ngati mtsempha wa nkhope umagwira ntchito opaleshoni isadachitike, madokotala amayesetsa kuusunga ngakhale chotupa chili khansa. Amaudula pokhapokha khansa itaulowerera, ndipo zikatero amatha kulumikiza ndi kachidutswa ka mtsempha wina wotengedwa m'khosi kapena kumwendo. Khansa ikafika kwa anabere a m'khosi, kapena ikakhala ya mtundu waukali, anaberewo amachotsedwa pa opaleshoni yomweyo. Chotupa cha pansi pa nsagwada amachichotsa pamodzi ndi chiwalo chonse.

Zomwe zingachitike pambuyo pa opaleshoni

Wodwala ali ndi ufulu wouzidwa zovuta zomwe zingatsatire asadasainire opaleshoni. Kufooka kwa nkhope kwa kanthawi kumachitika kwa odwala angapo ndipo nthawi zambiri kumatha pakapita masabata kapena miyezi. Kufooka kosatha kumachitika kwa ochepa kwambiri ngati chotupa sichidali khansa ndipo opaleshoni yachitidwa ndi dokotala wozolowera ntchitoyi. Diso likamalephera kutseka limafunika mankhwala odonthezera ndi kuliphimba usiku kuti lisaume.

Ambiri amamva dzanzi kumunsi kwa khutu. Ena amayamba kutuluka thukuta patsaya pomwe akudya, vuto lomwe lidatchedwa dzina la dokotala wa ku Poland, Łucja Frey, yemwe adalifotokoza mu 1923. Limachitika chifukwa timitsempha tomwe tinkalamula chiwalo kupanga malovu timamera molakwika n'kulumikizana ndi tiziwalo ta thukuta. Si loopsa, ndipo likamasowetsa mtendere pali jakisoni wa botulinum yemwe amalichepetsa.

Ambiri amaopa kuti akachotsedwa chiwalo chimodzi m'kamwa muziuma. Izi sizichitika kawirikawiri, chifukwa ziwalo zotsala zimapanga malovu okwanira.

Radiotherapy ndi mankhwala

Odwala ena a khansa amafunika kuwotchedwa ndi makina a radiotherapy bala likapola. Izi zimachitika ngati khansa ili yaukali, yaikulu, yalowerera mitsempha, yafika kwa anabere, kapena ngati maselo ake apezeka m'mphepete mwa mnofu womwe wachotsedwa. Odwala ambiri a adenoid cystic carcinoma amalandira chithandizochi. Chimaperekedwa masiku asanu pa sabata kwa masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri.

Radiotherapy imatha kuyambitsa zilonda za m'kamwa, kuumitsa m'kamwa ndi kufooketsa mano. Choncho wodwala amayenera kuonana ndi dokotala wa mano asadayambe, kuti mano owonongeka akonzedwe kapena kuchotsedwa. Makina amakono amalunjika cheza pachotupa n'kuteteza ziwalo za malovu za mbali inayo.

Mankhwala a chemotherapy paokha sachiza khansa ya ziwalo za malovu. Amagwiritsidwa ntchito makamaka pochepetsa liwiro la matenda omwe afalikira kale. Komabe m'zaka zaposachedwa kuyeza chibadwa cha maselo a chotupa kwatsegula njira zina. Khansa ya salivary duct carcinoma nthawi zambiri imadalira mahomoni achimuna, choncho imatha kumva mankhwala omwe amaperekedwa pa khansa ya prostate. Ina mwa iyo imamva trastuzumab, mankhwala odziwika pa khansa ya m'mawere. M'chaka cha 2018 dziko la America lidavomereza mankhwala a larotrectinib, omwe amagwira ntchito pa khansa zokhala ndi chilema cha jini ya NTRK, chomwe chimapezeka mu secretory carcinoma. Mankhwala oterewa ndi okwera mtengo ndipo amafuna labotale yotha kuyeza zimenezi.

Poti chithandizo chili ndi mbali zambiri, zipatala zikuluzikulu zimakhazika pamodzi dokotala wa opaleshoni, katswiri wa kulabotale, wowerenga zithunzi, dokotala wa khansa ndi wa mano kuti agwirizane chochita pa wodwala aliyense.

Kopita m'dziko muno

Wodwala amayamba kuchipatala chomwe chili pafupi naye, komwe angatumizidwe kuchipatala cha boma cha m'boma lake, kenako ku chimodzi mwa zipatala zikuluzikulu zinayi za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Zotupazi zimaonedwa ndi madokotala a makutu, mphuno ndi kukhosi, a opaleshoni, komanso a mano ndi nsagwada. Chipatala cha Queen Elizabeth chili ndi nthambi yapadera ya makutu, mphuno ndi kukhosi, pomwe cha Kamuzu chidatsegula labotale younika minofu m'chaka cha 2011.

Kwa zaka zambiri Amalawi ofunika radiotherapy ankatumizidwa kunja, kumaiko monga India, Tanzania ndi Zambia, ndipo ambiri ankadikira nthawi yaitali. Zinthu zidasintha pomwe chipatala china chomwe si cha boma chidayamba kupereka chithandizochi ku Blantyre mu 2024, ndiponso pomwe boma lidatsegulira chipatala chachikulu cha khansa ku Lilongwe m'mwezi wa July 2025 mothandizidwa ndi bungwe la International Atomic Energy Agency.

Wodwala akulangizidwa kusunga bwino buku lake la kuchipatala, zithunzi ndi pepala la zotsatira za kulabotale, chifukwa dzina lenileni la chotupa ndi lomwe limatsogolera chithandizo chonse. Ngati wapatsidwa mankhwala opha tizilombo ndipo chotupa sichidasinthe atamaliza, abwerere kukanena m'malo mongokhala. Ndi bwinonso kufunsa dokotala mafunso atatu opaleshoni isadachitike: kodi chotupachi chaunikidwa ndi singano, mtsempha wa nkhope utetezedwa bwanji, ndipo chotupa chikachotsedwa chidzatumizidwa kulabotale?

Kupitiriza kuonana ndi dokotala

Kuchotsa chotupa si mapeto a nkhani. Wodwala khansa amapatsidwa masiku obwererako miyezi ingapo iliyonse m'zaka ziwiri zoyambirira, kenako motalikirana. Amene adali ndi adenoid cystic carcinoma amayenera kuonedwa kwa moyo wake wonse, kuphatikizapo kujambulidwa m'chifuwa. Ngakhale pleomorphic adenoma imatha kubwerera patapita zaka khumi kapena kuposa, choncho kachotupa kalikonse kotuluka pafupi ndi chipsera kasanyozedwe.

Kwa omwe matenda apita patali, pali chithandizo chochepetsa ululu ndi kusamalira zilonda, chomwe chimaperekedwa m'zipatala za boma, kuphatikizapo nthambi ya Tiyanjane ku Queen Elizabeth, komanso malo monga Ndi Moyo ku Salima.

Chotupa chikadali chaching'ono, dokotala amachichotsa mosavuta n'kusiya nkhope ili momwe idalili. Chikakula, opaleshoni imatalika, chiopsezo cha mtsempha chimakwera ndipo pamafunika chithandizo china chowonjezera. Aliyense yemwe ali ndi chotupa pafupi ndi khutu, pansi pa nsagwada kapena m'kamwa chomwe chapyola masabata atatu akupemphedwa kupita kuchipatala, ngakhale chisakupweteka.